Gemu ya Mango ndi Foni ya Apongozi

Padangokhala, muzivomera tili tonse, Pusi ndi Nanzikambe, anansi okonda magemu. Tsiku lina linki inagwa m'mafoni awo: gemu yatsopano yothyola mango, yaulere, akuti yopanga okha anyamata a kutsidya.

"Woyamba kuimaliza ndiye dolo!" anakuwa Pusi akulumphalumpha.

Nanzikambe anakweza dzanja kuti adine, n'kulibweza. Diso lina linali pa mango, lina pa timawu ta m'munsi.

"Achimwene, gemuyi ikupempha manambala onse a m'foni. Mango ndi manambala zikugwirizana pati? Inetu ndimasintha khungu, wodzibisa ndimamudziwa."

"Mantha basi, mphwanga!" anaseka Pusi, n'kudina "Ndalola" mpaka ndi mchira womwe.

Mango sanaoneke. Foni inatentha, n'kutumiza yokha linki ija kwa aliyense, kenako zii! Apongozi a Pusi, poona dzina la mkamwini, nawonso anadina. Zithunzi zonse za adzukulu, psiti!

Masana omwewo apongozi aja anatulukira kwa Pusi atanyamula munsi. "Ali kuti bambo a mango aja?"

Mpaka lero Pusi akadali m'mwamba mwa mtengo, ndipo Nanzikambe dzanja amakweza n'kubweza. Yanga yathera pomwepa.