Mbande za a Levi zinapsera m'thumba

Panali bambo wina cha ku Chamama, dzina lawo a Levi, mlimi wa fodya. Amene anandiuza nkhaniyi amalima moyandikana nawo, ndiye musati ndapeka.

Fodya atayenda bwino chaka china, a Levi anati kupalasa kwakwana, akagule njinga ya magetsi. Anatengana ndi akazi awo, a Feliya, ulendo wa paboma. Mayi wa m'sitolo anawaonetsa ina yopepuka, ya giya imodzi.

"Kwathu kuno n'kwa see, bambo, zitunda kulibe," anatero mayiyo. "Kuchigayo, kumsika, kumunda, iyi ikukwanirani. Batire ikatha mungopalasa ngati njinga wamba."

A Feliya anaikonda pompo. Koma a Levi, mayo ine, ankafuna anthu azicheuka akamadutsa.

"Kanjinga aka? Anthu aziti ndabwereka kwa mwana wasukulu."

Potuluka anapeza mwamuna wina wachilendo atatsamira chinjinga chachikulu, magiya ambirimbiri, magalasi uku ndi uku, hutala yolira ngati ya basi.

"Bwana, inu si munthu wa giya imodzi," anatero mwamunayo.

Kungomva zoti bwana, a Levi mutu unazungulira.

"Bambo a Princess, munthuyu tikumudziwa?" ananong'ona a Feliya. "Tayesani kaye kuinyamula muone kulemera kwake."

"Njinga ndi yokwera, mayi, si yonyamula."

Anagula, ndipo yopalasa yakale anagulitsa sabata yomweyo.

Chakumapeto kwa chaka chitsime cha kudimba chinauma, nazale yawo yonse n'kupsa. Analibe ngakhale mbande imodzi yoti aokere. Mwamwayi, mvula yodzalira itagwa, a Esau, achimwene awo a Feliya, anaimba foni m'mamawa kuchokera ku Kapelula.

"Alamu, ndakuzulirani mbande zonse zimene zinanditsalira. Bwerani msanga, zilowe m'nthaka lero lomwe chinyezi chikadalipo."

A Feliya anatenga khasu kutsogola kumunda kukakumba mapando. A Levi anakwera chinjinga chija, hutala pii pii njira yonse.

Pobwerera, thumba la mbande lili pakaliyala, batire inangoti zii pakati pa dambo. Kani njingayo inali yakale, wogulitsa uja anangoipukuta kunja kuti iwale. Kuti apalase, matope anali atadzaza m'magiya monse, tcheni n'kugwa. Kuti akankhe, chinthucho kulemera ngati ngolo. Apo mitambo inali itachoka, dzuwa likuswa mtengo.

Wakabaza wina wowadziwa anaima.

"Madala, bwanji ndikutengereni thumbalo, ndikalisiye kwa amayi?"

Apa ndi pamene pamandipweteka ine. A Levi anaganiza za mmene nkhaniyo ikamvekere pamsika, kuti njinga ya bwana yathandizidwa ndi kabaza.

"Pitani, achimwene. Yangotentha pang'ono, idzuka pompano."

Sinadzuke. Anaikankha thukuta kamukamu, thumba likuwotchedwa kumbuyoko, mpaka anafika kumunda dzuwa litapendeka. A Feliya anali atakumba munda wonse, atakhala pamzere kudikira. Atamasula thumba munatuluka mpweya wotentha, mbande zitalefuka, zitamatana ngati nkhwani wowiritsa. Anasankhula pansi ndi pamwamba kufuna yamoyo, koma ayi ndithu.

A Feliya anayang'ana amuna awo. Anangofunsa motsitsa mawu, "Achimwene anatipatsa zawo zonse. Nanga ndikawauza kuti chiyani?"

A Levi anakhala pansi m'matope momwemo n'kulira, bambo wamkulu ndi ndevu zawo. Chaka chimenecho anzawo ankasoka fodya, chigafa cha a Levi chili gwaa, nkhuku zikugonamo.

Phunziro: Gulani chinthu cholingana ndi njira zimene mumayenda, osati chodabwitsa anthu, ndipo mawu a mkazi wanu muziwamva kuposa a mlendo wokutchulani bwana. Zikakuvutani panjira, landirani thandizo zinthu zisanawonongeke. Tumizirani abale ndi anzanu onse amene akulota njinga ya magetsi.