Nkhope ya Ambokile pa Thumba la Mpunga

Kanema wa m'sitolo ya a Saidi ataonetsa zionetsero za ku Karonga, Keziya anaima pakhomo. Pamwamba pa mitu ya anthu panali nkhope ya mchimwene wake Ambokile, imene Keziyayo anajambula ndi makala pa thumba la mpunga atachoka kumanda kokamuika.

"Uyu ndi mnyamata wina amene anafa pa zionetsero zapitazo," anatero wowerenga nkhani.

Dzina la Ambokile, Keziya anali atalilemba m'munsi mwa nkhopeyo, zilembo zikuluzikulu. Koma pokweza thumbalo pa zionetserozo kuti atolankhani alione bwino, manja ake omwe anaphimba dzinalo.

"Achemwali, tikupatseni chiyani?" anafunsa a Saidi, atatembenuzira kale kanema ku mpira.

Keziya anayang'ana zala zake. Makala anali adakali m'zikhadabo.