Foni ya Anamapopa

"Amake Madalo, ndibwerekeni foni ija," anatero Janeti, maso ali pansi. "Lyson wanganso amupeza ndi shuga, koma akukana kuyezetsa."

Millie, mayi a Madalo, anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Janeti yemweyu ndi amene anafalitsa pamsika wa Nkando kuti masewera a pafoni ya Madalo, otseguka pokhapokha mwanayo akadzibaya chala n'kuyeza shuga, ndi a anamapopa. Anthu anamuswera Millie mawindo onse.

"Pitani pamsika pomwepo mukakuwe kuti mukufuna namapopa akuthandizeni. Apo ayi, muona nokha," anatero Millie.

Janeti anapita akulira. Millie anazungulira kuseri kwa nyumba kuti akabise foniyo. Anapeza Madalo ndi Lyson akuilimbirana, aliyense kathonje kali pachala.