Maliro Kunja kwa Waya

Chiyambire ng'ombe yawo kuzungulira pamodzimodzi ngati yoledzera, a Chidzanja ndi akazi awo, a Nankhoma, sanatulukeko pakhomo. Lamulo la madokotala a ziweto n'lakuti banja likhale mumpanda wa waya mpaka chiwetocho chife chokha, kuti iwo akapime ubongo wake. Mchere ndi sopo anansi amachita kuwaponyera.

Tsiku lina kunabwera uthenga woti mayi owabereka a Nankhoma amwalira. A Chidzanja anatenga nkhwangwa.

"Ndiipha lero lomwe, mukaike mayi."

"Abambo, ikani pansi," anatero a Nankhoma. "Mukaipha atitsekera chaka chathunthu."

Mawa lake onyamula maliro anapatuka panjira ya kumanda n'kudzaima pampandapo. A Nankhoma anatulutsa zala pabowo la waya, koma sizinafike pabokosi.