Mbawa ya Najere Yabayidwa Katemera

Lamulo latsopano linali loti mtengo uliwonse wa pakhomo uzibayidwa katemera wa matenda a chuku. Wosabayidwa unkadulidwa. Najere anali ndi mbawa imene malemu amuna ake anabzala atangokwatirana.

Wobaya, Mayi Chikaonda, anaboola tsinde n'kuthiramo timadzi tobiriwira.

"Mwathiramo chiyani, amayi?" anafunsa Najere.

"Chuku chofooka, kuti mtengo uphunzire kulimbana nacho. Udwala pang'ono. Utsi usaufike."

Najere anasamutsira mafuwa kuseri kwa khola. Komabe masamba anafota n'kuyamba kuyoyoka. Mlamu wake, Dzoole, anabwera ndi sowo.

"Alamu, mtengowu wafa. Tichekepo matabwa chiswe chisanalowe."

"Inu mukadwala malungo timathamangira kukukhomerani bokosi?"

Dzoole anabwerera akung'ung'udza.

M'mawa uliwonse Najere ankagunditsa khutu pa tsinde, poganiza kuti mwina nkhondo ya m'katimo imamveka. Sankamva kanthu. Koma tsiku lina, pochotsa mutu, mpango wake unakanirira pa khungwa. Pabala paja pankatuluka utomoni watsopano, wonata, ndipo iye ankadziwa kuti mtengo wakufa sutulutsa utomoni.

Mpangowo sanauchape.