Fulashi ya pa Msika wa Santhe

Panali munthu wina, mphunzitsi wa ku Santhe, dzina lake Redson. Zinachitika m'zaka zija za chipani chimodzi, ndipo amene ankaphunzitsa naye amati nkhaniyi ndi yoona.

Mkulu wake, Lameki, anathawira ku Zambia Redson adakali mnyamata, pa zifukwa zimene masiku amenewo munthu sunkafunsa. Kubwerera kunali kosatheka. Uthenga wake unkabwera ndi a Esau, dalaivala wa lole. Ulendo wina anatumiza kamera yakale ndi pempho limodzi: "Undijambulire amayi. Nkhope yawo yayamba kundithawa."

Redson ankangoti mawa, mawa. Kamerayo ankaitulutsa pa Khirisimasi ndi pa masewera a sukulu basi. Kenako mwezi wa Juni, anthu ali pa kalikiliki wosankha fodya, uthenga unafika kuchokera kwawo ku Kaomba kuti amayi ake, aNabanda, chifuwa chawagoneka. Chipinda chawo chinali ndi kawindo kamodzi, mdima ngakhale masana. Pankafunika fulashi, kanyali kaja kong'anima pojambula.

Anapita pa boma kwa a Frazer, mwini situdiyo yojambulira zithunzi.

"Aphunzitsi, inu mumajambula mwa apo ndi apo, musavutike ndi zikuluzikulu," anatero a Frazer. "Tengani aka. N'kakale koma kali ndi chingwe chake. Kamera yanuyi imauza fulashi kuti iyake kudzera m'chingwemu. Ndipo muyambe mwayesa filimu imodzi, titsuke, tione."

Kanthuko kanali ngati bokosi la machesi, kokalikakalika. Redson anakayang'ana monyoza. Kuwononganso filimu yathunthu poyesa, pa salale ya mphunzitsi? Anati akaganize kaye.

Tsiku la msika pa Santhe anakumana ndi mlendo wina atayala mawotchi ndi mawayilesi pa chiguduli. Pakati pake panali chifulashi chachikulu, chonyezimira, pa theka la mtengo wa a Frazer.

"Ya ku Joni iyi, bwana. Imalowa pa kamera iliyonse."

Mlendoyo anadina kabatani kofiira kumbuyo. Ng'ani! Amayi ogulitsa tomato mpaka anaphimba maso, dzuwa likuswa mtengo. Redson anaikhazika pamwamba pa kamera, inakhala bwinobwino, ndipo analipira pomwepo. Za chingwe sanafunse. Kuyesa kujambula sanayese, poti filimu inali kale m'kati ndipo ankaumira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Loweruka anakwera njinga ndi mkazi wake Jenala kupita ku Kaomba. Jenala anawasambitsa apongozi ake, n'kuwaveka yunifomu yawo ya Chigwirizano ndi duku loyera, n'kuwatsamiritsa kukhoma. Abale anasiya fodya m'chigafa, n'kudzaza pakhomo kuti aone makinawo.

Redson anadina kamera. Fulashi sinayake. Anadinanso, zii. 

"Mwanawe, ingonditulutsani panja pali dzuwapo," anatero aNabanda motsitsa. "Ndipirira."

"Ayi amayi, kunja kuli mphepo. Nanga chimenechi ndagulira chiyani?"

Mphepo inalipodi, koma chachikulu chinali manyazi. Mphunzitsi wathunthu alephere makina ake pamaso pa mudzi? Anaitana mkazi wake.

"Amake Lefina, ikani chala pa kabatani kofiiraka. Ndikawerenga wani, thu, firii, tidinire limodzi."

Anadina. Chipinda chonse chinawala mbee, anthu pakhomo n'kuwomba m'manja. ANabanda anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndi mphezi imeneyi, Lameki andiona ndi makwinya omwe."

Anajambula choncho mpaka filimu inatha, mtima uli m'malo. Lolemba anakaisiya kwa a Frazer kuti aitumize ku Lilongwe kokatsuka. Filimuyo isanabwere, aNabanda anatsikira kulichete.

Atachoka ku maliro, Redson anathamangira ku situdiyo. Filimu ija inali itabwera. A Frazer anaitambasula pawindo. Munalibe kanthu, kuyambira koyamba mpaka kumapeto.

"Koma inkayaka, a Frazer. Mudzi wonse unaona."

"Inkayaka payokha, aphunzitsi. Kamera imaphethira msanga kuposa diso. Chala cha munthu sichingapezane nayo. Kuwala kunkafika kamera itatseka kale."

"Tsukaninso. Mwina pena patuluka, ngakhale dukulo."

"Chimene sichinalowe, ine ndichitulutsa bwanji?"

Redson anayamba kufufuza. Anafunsa kwa abusa, kwa amayi a Chigwirizano, kwa azakhali ku Nkhamenya, ngati pali chithunzi cha gulu chimene aNabanda anaimapo ngakhale kumbuyo. Panalibe. Mayiyo anakhala moyo wake wonse osaimapo kutsogolo kwa kamera, kupatula tsiku lija. Mlendo wa pa msika sanaonekenso, ndipo ngakhale akanaoneka, akanabweza chiyani?

Mwezi usanathe lole ya a Esau inaima pamsewu pafupi ndi sukulu. Redson anatuluka m'kalasi choko chili m'manja.

"Pepani ndi zovutazi, aphunzitsi," anatero a Esau, injini ikulira. "Achimwene anu analira ngati mwana. Koma akuti mtima ukutsikako poti anamva kuti munawajambula. Felemu agula kale, akhoma ndi msomali pabalaza. Ana awo akufuna kuona agogo awo. Ndipatseni, ndikufuna ndiwoloke malire kusanade."

M'manja mwa Redson munali choko chokha. A Esau anatambasula dzanja pawindo la lole, n'kudikira.

"Aphunzitsi, nanga ndikawauze chiyani?"

Phunziro: Chotchipa n'chabwino chikakhala kuti chikugwirizana ndi chimene uli nacho. Funsa odziwa, umvere, ndipo uyese chinthu tsiku lofunika lisanafike, chifukwa masiku ena sabwerezedwa. Komanso usalole manyazi akutsekere khutu pamene kholo lako likukuuza njira yapafupi. Tumizirani abale ndi anzanu, makamaka amene makolo awo adakalipo.