Mayi Amene Ankayanika Mwana Padzuwa

Panali mayi wina woluka tsitsi mu saluni, ndipo akuti nkhaniyi inachitikadi. Anali ndi mwana wamkazi amene ankangomutchula kuti Kadona. Mwanayu thupi lake linkadana ndi mazira. Akangolawa, milomo kutupa, ziwengo thupi lonse. Adokotala anachita kunenetsa kuti dzira ayi, keke ayi. Ndiye kumaphwando a anzake Kadona ankangogwira nthochi, maso ali pa keke. Mayiyo zinkamuwawa.

Tsiku lina kunabwera kasitomala wachilendo wa zikhadabo zazitali. Ali mkati molukidwa anamva nkhaniyo.

"Asisi, mukuvutikiranji? Kumeneko n'kuchepa kwa vitamini D, ndaziona pa foni. Ndipo ndi yaulere, imachokera kudzuwa!"

Mayi uja anavina chipeso chili m'manja. Mankhwala aulere, komanso ali pakhomo pomwe!

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse ankamukhazika Kadona pampando pafupi ndi chingwe cha zovala. Akatenthedwa uku, amutembenuza uku. Mwamuna wake ankangoseka.

"Amake Kadona, mukamaanula matawulo musaiwale mwanayo."

"Sekani, abambo ake. Tsiku lake lobadwa adya keke muli kuona."

"Kafunseni kaye adokotala."

"Ndikaime pamzere tsiku lonse dzuwa lili pakhomo?"

Tsikulo linafika. Keke pathebulo, makandulo, ana kuimba mpaka mawu kusasa. Mayi uja anadula yekha n'kupatsa mwana wake chidutswa. Kadona analuma.

"Amayi, kani imakoma chonchi!"

Chidutswacho sanachimalize. Milomo inatupa, maso anatsekeka, kupuma kunayamba kulira ngati wezulo. Bambo ake anamunyamula paphewa n'kuimitsa galimoto yoyamba imene inadutsa, mayi ali pambuyo ndi silipasi imodzi. Kuchipatala anamubaya jakisoni msangamsanga. Patapita kanthawi, mwana anayamba kupuma bwino.

Adokotala atamva za mpando uja anagwira mutu.

"Mayi, vitamini D ndi yofunikadi m'thupi, ndipo akatswiri akufufuzabe ngati imakhudzana ndi ziwengo. Koma dzuwa si chilolezo chodyera dzira. Mukanachedwa, bwenzi tikunena zina."

Kadona atachira, kasitomala uja anabweranso kudzalukitsa. Mayi uja anamukhazika bwinobwino, n'kuyamba kuluka. Atafika pakati pa mutu anafunsa mofatsa.

"Asisi, nkhani ya vitamini ija inatha bwanji?"

"Aaa, kaya! Ndinangowerenga koyambirira, bandulo inandithera."

"Mwana wanu munamuyesapo?"

"Ine ndilibe mwana, asisi."

Mayi uja anaika chipeso pansi, n'kumuvula thawulo la m'khosi.

"Basi, tamaliza."

"Mwamaliza bwanji? Mbali iyi simunaluke!"

"Inenso bandulo yandithera."

Saluni yonse inafa nacho chiseko. Kasitomala anatuluka mbali ina yolukidwa, mbali ina nyankhalala, chikwama atadziphimba nacho kumutu.

Phunziro: Amayi anzanga, nkhani yomva theka imapha. Mwana wanu akaletsedwa chakudya kuchipatala, womuloleza akhalenso achipatala omwewo, osati munthu amene mwangokumana naye. Aziwothera dzuwa, inde, koma dzira lidikire adokotala. Tumizirani amayi a m'magulu mwanu, koma muwauze awerenge mpaka pansi, bandulo isanathe!